Chitini cha Attracta ndi Machesi

Gulu: Buku la Attracta
Nuala Tierney, Fintan Geraghty, Sr Gobnait

LOLEMBA

Fintan 10:04
sisitere mwati makatoni ndi angati? ndidziwe ngati ndibwereke van kapena akwana mu kagalimoto ka anti

Sr Gobnait 10:09
Mwadzuka bwanji bambo Fintan. Ndi 9. Onse ali m'chipinda cha malemu Sr Attracta. Sitinawakhudze chiwaikireni m'manda mu Januwale.

Fintan 10:09
9!!! anti Nuala mwamva?

Nuala 10:11
ndamva. si iwe unkati nkhalamba ikubwebweta? munthu wakhala mkati mwa mpanda wa masisitere zaka 45 akulemba, umati zikwana mu envulopu?

Fintan 10:12
kkkk ndagonja. ndiye ine monga wosindikiza wanu ndikuti buku lituluka mu April. mbali ina ndakatulo zanu, mbali ina za a Attracta. a festival ya mabuku ku Galway ndawauza kale, akuvina

Nuala 10:16
🎤 0:49
sisitere, musandione ngati ndikuthamangira katundu wa womwalira. ine ndi Attracta tinkagona chipinda chimodzi ku koleji, ketulo imodzi, jasi imodzi yabwino timachita kubwerekana. tinatulutsa kabuku kamodzi tili ndi zaka 24, ndipo aliyense ankadziwa kuti wodziwa kulemba ndi iyeyo, ine ndinkangotsatira pambuyo. kenako mnzanga uja nkulowa kwanuko, chitseko gwa. chichokere apo dziko silinaonenso mzere wake ngakhale umodzi. mphoto zonse ndadya ndine. ndiye ndisanamutsatire ndikufuna anthu adziwe kuti mlakatuli weniweni anali ndani. basi.

Fintan 10:18
sisitere pls tijambulireni pepala limodzi lokha la pamwamba, mtima ukhale pansi

Sr Gobnait 10:19
Ndipemphe kaye kwa Amayi Aakulu.

Sr Gobnait 10:36
📷 chithunzi

Fintan 10:37
eee koma zilembo zake zokongola bwanji

Nuala 10:38
zimenezo ndi zilembo zanga

Nuala 10:38
imeneyo ndi ndakatulo yanga ya maliro a bambo anga, ya 1987. tsegulani katoni ina

Sr Gobnait 10:44
📷 chithunzi
📷 chithunzi
📷 chithunzi

Nuala 10:45
zanga

Nuala 10:45
zanganso

Nuala 10:46
sisitere mukundiseka?

Sr Gobnait 10:51
Mayi Nuala, ine ndimayesa mukudziwa. Makatoni onse 9 ndi anu. Ndi zomwe munkawatumizira. Anazisanja bwinobwino chaka ndi chaka. Mmene munati mukufuna makatoni tinaganiza kuti mukufuna zanu zibwerere.

Fintan 10:52
nanga zawo??

Sr Gobnait 10:59
Belu lalira. Foni timaloledwa 10 mpaka 11, kenako 2 mpaka 4. Ndidzafotokoza.

Nuala 11:00
sisitere

Nuala 11:00
sisitere Gobnait musandisiye chonchi

📞 Nuala wayimba, sanayankhe 11:02

Fintan 11:20
anti musadandaule. mwina zili ku library yawo. kapena kwa bishopu. amenewa sataya ngakhale chingwe cha pa phukusi

Nuala 11:41
chala chake chinkakhala chakuda ndi inki nthawi zonse. ndinkachiona pa zenera la zitsulo la m'chipinda cha alendo. ndikamufunsa amati ndikulembabe. sanali munthu wonama

Fintan 12:30
mwadya?

Fintan 13:15
anti?

Sr Gobnait 14:03
🎤 1:12
Mayi Nuala, ngati mwaimirira khalani kaye pansi. Ndinena zomwe ndinaona ndi maso anga, chifukwa zaka khumi ndi ziwiri zapitazi ndine ndinkawagwirira ndowa. Mukudziwa kuti Lachiwiri loti mawa lake ndi Lachitatu la Phulusa timawotcha nthambi za kanjedza za chaka chatha kuti tipeze phulusa. Kuno kulibe kanjedza weniweni, nthambi zathuzi ndi za mtengo wa kumanda kwathu, ndipo nyumba yathu mukuidziwa, chilichonse chimakhala chonyowa. Sizigwira moto pazokha, zimafuna pepala. Ndiye Sr Attracta ankabwera ndi zolemba zawo za chaka chonse, nkumayatsira. Chaka ndi chaka. Akuti anayamba mu 1981.

Nuala 14:06
ayi

Nuala 14:06
ayi ayi ayi

Nuala 14:07
mukunama

Nuala 14:07
pepani sisitere sindikuti ndinu abodza koma ayi

Fintan 14:08
dikirani kaye. mukuti ndakatulo za zaka 45 zinapsa mu NDOWA? ndipo panalibe ngakhale mmodzi woti imani kaye tikope?

Sr Gobnait 14:12
Ine ndinayesa kamodzi, ndili watsopano. Anandiyang'ana nkundiuza kuti gwira ndowa bwino, mphepo ikuchokera kunyanja.

Fintan 14:13
mxm. mutu wanga wazungulira

Nuala 14:14
anamukakamiza ndani? nenani dzina. amayi aakulu akale aja a ndevu aja?

Sr Gobnait 14:21
🎤 0:58
Mulungu awalandire, ndevu analidi nazo, koma sanawakakamize. Sr Attracta anandiuza okha kuti atangolowa kuno ankati akagwada kupemphera amapezeka akukonza mzere wa ndakatulo, akuganiza kuti a nyuzipepala adzati chiyani. Anapita okha kwa Amayi kukapempha kuti awalande cholembera. Amayi anakana. Anati mphatso sitibweza kwa mwini wake, lembani, koma musasunge. Zowotchera pa kanjedzazo anaganiza okha.

Nuala 14:25
ndiye zanga ankasungiranji

Nuala 14:27
mukudziwa kuti ndakatulo iliyonse ndinkatumiza kwa iye poyamba? asanaione mwamuna wanga, asanaione wosindikiza. zaka 45. yankho lake kakhadi ka mizere iwiri. "ndalandira. ubwere Lachitatu la Phulusa." basi!

Nuala 14:28
ndinkalira nako kakhadi kameneko. ndinkati zanga amaziona zachibwana koma akuopa kundiuza

Sr Gobnait 14:33
Onani chithunzi choyamba chija. Pangodya ya pepala, kumanzere.

Fintan 14:34
pali tizibowo tiwiri ndi dzimbiri

Sr Gobnait 14:39
Ndi pa phini. Mapepala onse a m'makatoni ali choncho. Ikabwera ndakatulo yanu ankailembera yankho, ndakatulonso, nkuzilumikiza ndi phini. Nthawi zina yankho limodzi linkawatengera miyezi. Likafika Lachiwiri lija amachotsa phini, yanu mu katoni, yawo mu ndowa. Sanalembepo china chilichonse kuno, koma mayankho a kwa inu.

Fintan 14:40
Ambuye Yesu

Nuala 14:44
sisitere

Nuala 14:44
phulusa limene ansembe ankandipaka pamphumi mu tchalitchi chanumo

Sr Gobnait 14:45
Lomwelo.

Sr Gobnait 14:46
Ankasefa okha ndi sefa ya tiyi. Pa Misa ankakhala mpando wa kumapeto woti aone mzere wa anthu a kunja. Mukafika inu kutsogolo ankandigunda ndi chigongono.

Fintan 14:52
anti muli bwino?

Fintan 15:01
anti ndikuyimba yankhani

📞 Fintan wayimba, sanayankhe 15:02

Nuala 15:19
🎤 1:31
ndili pano Fintan, usaitane ambulansi. ndikufuna ndinene chinthu, sisitere mumve nanunso. ine za Mulungu zinandithera kalekale, Attracta ankadziwa. kwanuko ndinkabwera tsiku limenelo chifukwa ikatha Misa ndi pomwe tinkaonana komaliza musanatseke chipinda cha alendo nyengo ya Lenti. ankandiyang'ana pamphumi nkumamwetulira, ine nkumati koma misala ya chipembedzo yamupha mnzangayu. ndikatuluka, ndikangolowa mgalimoto pa geti lanulo... ndinkatenga tishu. ndinkanyowetsa ndi malovu. ndinkapukuta mpaka pamphumi kufiira, chifukwa masana ndinali ndi kalasi ku yunivesite ndipo sindinkafuna anzanga aja aziti Nuala wayamba zamakandulo za kutchalitchi. chaka chilichonse. tishuyo ndinkataya mu bini ya pa filling station ku Castlebar.

Fintan 15:22
anti simunkadziwa

Nuala 15:23
ndi zomwe zikundiwawazo. akanandiuza! pakamwa anali napo!

Nuala 15:24
mfiti ya mkazi. ndakhala zaka 45 ndikudikira positi

Sr Gobnait 15:41
Nthawi yanditsalira pang'ono, ndiye ndinene msanga. Amayi Aakulu andilola. Pali chitini cha mabisiketi chomwe sichili m'makatoni. Muli za chaka chino, zomwe sanafike nazo pa Lachiwiri. Zilipo 17.

Fintan 15:41
ZILIPO??

Fintan 15:41
sisitere chikhomereni mu kabati. kiyi muvale mkhosi

Sr Gobnait 15:47
Anasiya kapepala pamwamba. Ndikukopera mmene kalili. "Chitinichi asatsegule munthu. Nuala akabwera mumupatse pamodzi ndi machesi. Asankhe yekha, ndipo musamulalikire."

Sr Gobnait 15:48
Timawotcha mawa 3 koloko, kuseri kwa khola la nkhuku.

Fintan 15:49
mawa lomweli??

Sr Gobnait 15:58
Phulusa likufunika mkuja 8 koloko mmawa. Belu.

Fintan 18:10
anti mvetserani. 17 ndi buku. kabuku kochepa koma buku. ndi nkhani ya maphiniyi anthu adzalira dziko lonse

Fintan 18:11
ndikupita nanu

Nuala 18:40
ukhale. ndipita ndekha, ndikachitenga ndekha. wandiyendetsa ngati chitsiru moyo wonse, asandilamulirenso ali m'manda

Fintan 18:41
ndiwo mawu amenewo 🙌

LACHIWIRI

Fintan 10:02
sisitere mwadzuka bwnj. pempho laling'ono. anti asanafike mungatsegule nkujambula onse 17? just in case. palibe adziwe

Sr Gobnait 10:15
Bambo Fintan, mwalemba pa gulu. Mayi Nuala awerenga, ine ndawerenga, ndipo Wina uja wakumwamba amawerenga ngakhale osatumizidwa.

Fintan 10:16
eish

Sr Gobnait 10:17
Sinditsegula. Koma tikukazinga mapankeki, ndikupatsirani awiri.

Nuala 11:48
ndaona Fintan. manyazi ulibe. ndili pa Castlebar ndikuthira mafuta. bini ija idakalipo

Fintan 13:55
mwafika?

Nuala 14:22
chitini chili pampando wa kutsogolo. ndachimanga lamba

Fintan 14:22
ALLELUYA

Fintan 14:23
sry sisitere kaya ndi zololedwa lero

Sr Gobnait 14:24
Lero inde. Mawa ayi, mu Lenti liwu limenelo sitilitchula.

Fintan 14:25
anti musaime paliponse. bwerani straight ku ofesi, makina ojambulira ndayatsa kale. machesi aja tayani

Nuala 14:26
ali mthumba

Fintan 14:44
mwafika pati

Fintan 14:53
anti?

Sr Gobnait 14:57
Bambo Fintan musade nkhawa kuti achita ngozi. Galimoto likadali pa geti. Ndikuliona ndili pa khola la nkhuku.

Fintan 14:58
chiyani?? lakana kulira?

Nuala 15:06
ndatsegula

Fintan 15:06
mwawerenga?

Nuala 15:07
zonse

Fintan 15:07
ndiye?? zili bwnj

Nuala 15:09
Fintan utenge mabuku anga onse 11 uwaike pa sikelo. safika pa imodzi ya izi

Nuala 15:09
ndayambanso kuwerenga yoyamba

Fintan 15:10
jambulani pompano. mphindi ziwiri basi. kenako muganize bwino

Nuala 15:14
chaka chatha ndinamutumizira yamwano. ndinali nditakwiya, madokotala atangonena za mapapo ake. ndinalemba kuti unatithawa nkukabisala kwa Mulungu wako. wayankha imeneyonso. akuti sindinathawe, ndinangokhala malo amodzi kuti uzidziwa kondipeza

Fintan 15:14
anti 😭

🚫 Nuala wafufuta uthenga wa 15:14

Fintan 15:15
mwafufutiranji

Nuala 15:16
sunali wako

Nuala 15:21
sisitere utsi uwo bwanji ukungofuka osayaka

Sr Gobnait 15:23
Zikukana. Tathera machesi theka la bokosi. Amayi Aakulu atuma Sr Assumpta kukatenga nyuzipepala ya dzulo kukhitchini.

Nuala 15:24
tsamba liti

Fintan 15:24
anti zili ndi ntchito yanji zimenezo. yatsani galimoto

Sr Gobnait 15:26
Abweretsa la mitengo ya ng'ombe pa msika wa ku Balla.

Nuala 15:27
ndiye mawa mundipake mitengo ya ng'ombe pamphumi?

Fintan 15:27
ANTI

Fintan 15:27
anti chonde. ndinu nomwe munati dziko lidziwe

Fintan 15:28
zikapsa izi palibenso. palibe. mukumva?

Nuala 15:29
sisitere muuzeni Assumpta abweze nyuzipepala kukhitchini

📞 Fintan wayimba, sanayankhe 15:29
📞 Fintan wayimba, sanayankhe 15:30
📞 Fintan wayimba, sanayankhe 15:32

Fintan 15:33
sisitere agwireni dzanja

Fintan 15:34
imodzi yokha. musiye imodzi yokha

Fintan 15:40
wina andiyankhe

Sr Gobnait 15:56
🎤 0:44
Bambo Fintan, wayaka. Ndinagwira ndowa ngati kale. Mayi Nuala anachotsa maphini okha, imodzi imodzi, zolemba iwo nkubweza m'chitini, za Sr Attracta nkuponya mu ndowa. Machesi awiri oyamba anazima ndi mphepo, ndipo anatukwana mawu omwe sindingabwereze, Amayi Aakulu ali pomwepo. Achitatu anagwira. Palibe anawauza chochita, tinasunga lonjezo. Pano ali kukhitchini akusefa. Agona m'nyumba ya alendo. Mapankeki anu adya iwo.

Fintan 15:58
zonse 17?

Sr Gobnait 15:59
Zonse.

Fintan 17:05
anti mudakali nazo mmutu. tengani pepala mulembe zomwe mukukumbukira. ngakhale mizere isanu

Fintan 19:12
ok

LACHITATU

Fintan 08:20
sindikukhulupirirabe. ndakhala ntchito imeneyi zaka 20, sindinaonepo munthu akuwotcha buku lomwe wangoti ndi loposa ake onse

Fintan 08:22
a festival ndiwauza kuti chiyani. "pepani zinapsa kuseri kwa khola la nkhuku"?

Fintan 08:31
anyway. musaiwale 1 koloko wojambula wawo akubwera ku ofesi. akufuna chithunzi chanu cha pa poster. sindinathe kusintha

Sr Gobnait 10:03
Misa inatha bwino. Ansembe athu Bambo Colman chala chawo ndi chachikulu, awapaka mayi Nuala mtanda woonekera kutali. Anyamuka cha m'ma 9:30. Makatoni ati akhale kuno kaye. Foni ndikukaipereka kwa Amayi, m'nyengo ino timangoyankha za maliro. Mulungu akusungeni nonse mpaka Pasaka.

Sr Gobnait 10:05
Chinthu chimodzi. Ndinawasuzumira pa geti. Anakhala mgalimoto kanthawi, kenako ananyamuka mtanda ukadali pamphumi.

Sr Gobnait watuluka m'gulu

Fintan 12:31
wojambula wafika msanga. muli kuti

Fintan 12:40
anti

Nuala 12:44
ndili pa car park. ndikukuona waima pakhomo ndi nkhope yako ya maliroyo

Fintan 12:44
ndiye tulukani munthu akudikira

Nuala 12:45
kukugwa mvula

Fintan 12:45
anti kuno ndi ku Galway. ndi masitepe 20 okha

Nuala 12:46
ndikudziwa. ndawawerenga

Nuala 12:47
adikire ikate

Fintan 12:47
siikata lero imeneyi

Nuala 12:48
ndiye adikire mpaka mawa

Fintan 12:53
khalani momwemo. musatsegule chitseko

Fintan 12:53
ndikubwera ndi ambulera yaikulu ija